Mahedifoni Athana ndi Jenereta, Alamu Anga Ayi

Mu ofesi mwathu muli fani yomwe imalira ngati ikupempha penshoni, ndi jenereta yomwe imadzuka magetsi akangozima. Mulinso mnzathu wina amene akamaimba foni kumudzi safuna netiweki, mawu ake amakafika okha ku Ntcheu. Ndiye nditamva kuti kunja kuno kuli mahedifoni ozimitsa phokoso, ndinati chipulumutso chafika, ndipo chabwera ndi Bluetooth.

Munthu wa malipiro ngati anga sagula chinthu asanachifufuze mpaka kuchitopetsa. Nzeru ya mahedifoniwa inakula ndi Amar Bose, yemwe anali mphunzitsi pa yunivesite ya MIT ku America. Mu 1978 ali m'ndege kuchokera ku Ulaya, nyimbo za m'mahedifoni sizinkamveka chifukwa cha mkokomo wa injini, ndipo anayamba kulemba masamu pompo. Pofika 1989 kampani yake inatulutsa mahedifoni a oyendetsa ndege, mu 2000 n'kutulutsa a anthu wamba otchedwa QuietComfort. Anzathu akakwiya paulendo amayambitsa bizinesi. Ine ndikakwiya m'minibasi ndimangokangana ndi kondakitala za chenji, n'kuluzanso.

Kagwiridwe ka mahedifoniwa nkochenjera. Pahedifonipo pali timaikolofoni tomwe timatchera phokoso lakunja, ndipo kachipangizo ka m'kati kamapanga mafunde a mawu otsutsana nalo: pomwe phokoso lakwera iwo amatsika, zikakumana zimafafanizana. Koma masewerawa amayenda bwino pa mkokomo wabesi wosasinthasintha, monga wa injini, fani ndi firiji. Mawu a munthu, kulira kwa khanda, hutala ndi tambala zimasintha mothamanga, choncho zimangochepa pang'ono n'kulowabe. Mfundo imeneyi ndinaiwerenga ndithu, koma ndinaidumpha, poti mtima unali utagula kale.

Mnyamata wa m'sitolo anandilandira ndi ulemu wa munthu amene waona envulopu m'thumba. "Madala, awa ndi orijino, amazimitsa ngakhale apongozi." Anandionetsa a Sony, a mtundu wa WH-1000XM, omwe batire lake limatha maola pafupifupi 30. Atatchula mtengo, makutu anga anatsekeka okha kwaulere.

Tinatsikira ku otchipa, komwe kuli msampha. Ambiri pabokosi amalemba zozimitsa phokoso, koma akutanthauza maikolofoni yokha, kuti amene mukumuimbira akumveni bwino, inuyo phokoso lanu likhale lanu. Kuyesa kwake nkosavuta: valani, musaike nyimbo, dinani batani lozimitsira phokoso la ANC muli pafupi ndi firiji kapena injini. Mkokomo ukagwa, ndi enieni. Yesaninso mutavala mandala anu, chifukwa timiyendo take timasiya mpata wolowera phokoso. Ndipo amene akufuna ovindikira khutu lonse aganizire za Okutobala, makutu nawo amatuluka thukuta.

Ndinatenga apakatikati ndi ndalama ya chipereganyu. Phindu lilipo, sindinama. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pasabata, ndipo mkokomo ukachoka sufunikanso kukweza voliyumu mpaka kuboola m'khutu. Jenereta yatha. Fani yatha. Vuto nlakuti ziwirizi ndi zomwe zinkandibisira mawu a mnzathu wa foni uja. Tsopano ndimamumva bwino lomwe. Ndikudziwa mtengo wa feteleza kwawo, ndikudziwa amene wathawitsa mwana wa eni, ndipo pa mlandu wa malire a munda ndatenga mbali.

Kunyumba nako, mawu akuti "Bambo a mwana, ya ndiwo" amadutsa osagogoda. Palinso batani lina lolowetsa dala mawu akunja, lothandiza podutsa msewu wodzadza ndi akabaza. Tanthauzo lake nlakuti ndinalipira kuti ndizimva zomwe ndinkamva ulere.

Ntchito yeniyeni ya mahedifoniwa ndinaitulukira batire litatha magetsi kulibe. Ndinawavalabe, ndipo anthu ankandilambalala poganiza kuti sindikumva. Bwana anandiitana kawiri, n'kutuma wina. Okhometsa za maliro a mu ofesi anabwerera pakhomo. Alamu anga okha ndiwo sananamizike. Akabwera kudzabwereka, amandigwira paphewa, n'kutukula mbali imodzi ya hedifoni mwaulemu, n'kuyankhulira m'khutu momwemo: "Alamu, nkhani yake ndi yaifupi." Akamaliza amandivekanso bwinobwino.