Mwana wa ng'ona ndi tikiti ya ndege

Amene anayambitsa mwambi woti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi ndikukhulupirira kuti sanalipirepo thiransipoti. Nzeru anali nazo, sindikukana. Koma iye anangokhala pansi pa mkuyu n'kumaonerera kang'ona kakutuluka m'dziwe ili kukalowa m'dziwe ilo, kopanda kondakitala, kopanda pasipoti, basi n'kuganiza kuti ana a anthu nawonso angamatero.

Nkhaniyi yandipeza kuno ku Senga Bay chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 12. Tsiku lina anaperekeza mayi ake kukagulitsa chambo pa loji ina, anapeza alendo akuonera tenisi pa TV, ndipo anabwerako atatembenuka mtima. Pano ali ndi bwalo lakelake pamchenga, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Ukonde wake ndi chidutswa cha chilimira chakutha, chomangirira ku nkhafi ziwiri zozika pansi. Chomenyera anamusemera msodzi wina kuchokera ku thabwa la bwato lophwasuka, ndipo kulemera kwake mukhoza kusinjira chinangwa. Mpira ndi umodzi wokha, wotola, ubweya unatha kalekale moti uli mbuu ngati mutu wa munthu wometa maliro. Ku mipikisano ya akatswiri amasintha mipira pakatha magemu 7, kenako pa 9 aliwonse. Wathuwu walowa chaka chachiwiri osapita kutchuthi.

"Amalume, ine ndidzakhala nambala wani pa dziko lonse," anandiuza madzulo ena, thukuta lili kamukamu.

Ine monga mwini mbumba ndinakonza kukhosi n'kumuponyera mwambi uja. Ndinamuuza kuti aziyenda, aziona maiwe ena, pakuti ng'ona yokhalira dziwe limodzi imathera pa msinkhu wa buluzi. Anagwada n'kuthokoza. Usiku womwewo ndinagula bandulo kuti ndione maiwe a tenisiwo ali kuti, ndipo tulo sindinatione.

Masewerawa ali ndi mndandanda wa dziko lonse, ndipo munthu amakwera malinga ndi mapointi amene watola m'mipikisano. Chondidabwitsa n'chakuti mapointiwo ali ngati usipa wauwisi, sasungika. Pakatha masabata 52 amafufutidwa. Ukapambana chaka chino n'kukhala pakhonde kumadya ulemerero, chaka chamawa mwezi womwewo umapezeka watsetsereka osadziwa amene wakukankha. Wopambana Wimbledon amakolola mapointi 2,000. Wopambana timipikisano ta pansi penipeni, tomwe aliyense amayambira, sapitirira 15, ndipo mphoto ya madola 15,000 imene imamveka yambiri ija amagawana osewera onse, ngati nkhuku imodzi pa chinkhoswe.

Nanga timipikisanoto tili kuti? Tambiri mu Africa muno timachitikira ku Monastir m'dziko la Tunisia ndi ku Sharm El Sheikh ku Egypt. Ndiye tawerengani nane. Matola kuchoka ku Senga Bay kukafika pa Kamuzu Road. Minibasi yokwera mapiri aja mpaka ku Lilongwe. Kuchoka apo wa ku Lumbadzi kukakwera ndege, kukasintha ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, viza m'manja, ndalama zakunja zomwe ngakhale a mabizinesi akuluakulu amazisaka ndi tochi. Wafika, wagona pa hotela, m'mawa wakumana ndi mtsikana wa ku Ulaya wamapewa ngati msilikali wa parachuti wa kwathu kuno. Ola limodzi lisanakwane masewero atha. Kutenisi munthu ukakhala ulibe kanthu amati uli ndi "love", ndiye mwana amabwerera kumudzi atasenza chikondi chokhachokha.

Musaganize kuti ndikuopseza mwana ndi nthano. Angella Okutoyi wa ku Kenya, wobadwa mu 2004, analeredwa ndi agogo ake mayi ake atamwalira pobereka. Mu 2022 iye ndi Rose Marie Nijkamp wa ku Netherlands anatenga chikho cha atsikana osewera awiriawiri ku Wimbledon. Mu March 2024 anapambana mendulo yagolide pa African Games ku Accra, ndipo mendulo imeneyo inali khomo lolowera ku Olympics ya ku Paris. Koma pakhomopo panali mlonda: kuti alowe, anayenera kukhalanso m'gulu la osewera 400 oyambirira pa mndandanda uja. Nthawi inamuthera asanafikepo. Wagonjetsa Africa yense, koma ku Paris sanapite chifukwa maiwe amene anasambiramo anachepa. Akanakhalapo mkulu wa mwambi uja akanati, "Mwaona, ndinanena ine." Eetu munanena, koma munasonkha zingati?

Anzathu ena maiwe awo ndi oyandikana. Carlos Alcaraz wa ku Spain anatenga US Open mu 2022 ali ndi zaka 19 n'kukhala nambala wani, ndipo luso lake palibe angalinyoze. Kungoti kwawoko mwana amatha kupita ku mpikisano pa galimoto ya bambo ake n'kubwera kudzagona kunyumba. Ku Zimbabwe nako bambo wina, Don Black, anaona kuti bola kukumba dziwe pakhomo: anakonza mabwalo a kapinga pa famu yake ku Harare, ndipo ana ake atatu, Byron, Wayne ndi Cara, anakulira pomwepo asanakazunguze dziko. Ine pakhomo panga pali mtengo wa mango umodzi ndi ngongole ya ku banki m'khonde.

Ndinayesa kubweza mwambi wanga. Kutacha usiku wosagona uja ndinamuitana mwana uja n'kumuuza kuti akuluakulu omwewo anatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyang'ana ngati ndamubera chenje.

"Koma amalume, dzulo munati ng'ona. Lero mwati nkhono?"

Mayi ake, amene ankatembenuza usipa pathandala, anaseka mpaka kukhala pansi. "Achimwene, mwayamba ndinu. Mugulitsa njinga ija."

Njingayo sindinagulitse, koma ndalonjeza kuti ndikadzapita ku Lilongwe ndidzafunsa mtengo wa chomenyera chenicheni pa kaunjika. Pakadali pano maphunziro akupitirira. Dzulo mwera unali utakwiya, asodzi onse ali kumtunda akusoka maukonde, ndipo iwo ndiwo anali oonerera. Mwana anaponya mpira m'mwamba, anaumenya ndi thabwa lija mwamphamvu zake zonse, phaa! Unadumpha chilimira, unadumpha mnzake wosewera naye, unadumpha mabwato, n'kukagwera m'nyanja. Tinyamata titatu tinadziponya m'madzi kuulondola, koma mafunde anatibweza. Tonse tinangoima pagombe, manja m'chiuno, kuuyang'ana ukuyandama, ukuchepa, ukulowera cha ku Nkhotakota.

Msodzi wina wachikulire analavula ulusi umene anauluma n'kunena kuti, "Uwo ndiye wanyamuka, bwana. Wopanda ndi viza yomwe."