Chikomekome cha khoma la ku Britain

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akanafika ku Leeds kapena ku Manchester n'kugogoda makoma a m'nyumba zambiri zatsopano, bwenzi ataupepesa mkuyu. Chipatso chija chili ndi kanthu m'mimba, ngakhale ndi nyerere. Khoma la plasterboard nthawi zambiri mulibe ndi nyerere yomwe. Ndi mphako yopaka penti.

Kunjaku ndiye see, kusalala. Koma lonselo ndi gypsum wopanidwa pakati pa mapepala awiri, kuchindikala kwake mamilimita 12.5 basi. Ndiye pabwere m'bale wathu wokulira m'nyumba ya njerwa zootcha, kumene msomali ukalowa udzazulidwa ndi zidzukulu. Chisanu cha Januwale chamuluma, wagula radiator, ndalama ya pulambala akuimvera chisoni. Waboola, walowetsa timapulasitiki tofiira ta khoma la njerwa, wamanga screw, wakoleka. Chithunzi pa WhatsApp: mwamuna ndi ameneyu!

Radiator ya mapanelo awiri yotalika mita imodzi ikadzaza madzi imatha kupitirira makilogalamu 30. Komatu palibe radiator imene imanyamula thupi lake lokha. Mayi ayanikapo jinzi yonyowa, mwana waiyesa makwerero, amalume obwera kudzacheza atsamirapo kuti msana umve kutentha uku akukamba ndale zakumudzi. Siigwa tsiku lomwelo ayi, ili ndi ulemu. Imayamba yawerama, gypsum n'kumayoyoka ngati ufa m'mphepete mwa khoma, paipi n'kupindika, kenako madzi akuda bii pa kapeti ya landilodi.

Wofuna mtendere ayambe wagogoda. Pomveka phwaphwa palibe kanthu. Pomveka mawu ogonthera pali thabwa loimirira, ndipo matabwawa amatalikirana mamilimita 400 kapena 600. Kamaginito kakhoza kukulozerani pamene pali screw zogwira plasterboard ku thabwalo. Screw ikaluma thabwa, gonani tulo.

Vuto ndi loti zitsulo zokolekapo radiator sizimvana kawirikawiri ndi pamene pali matabwa. Apa njira yokhalitsa ndi kudula khomalo, kuika thabwa lopingasa kapena plywood ya mamilimita 18 pakati pa matabwa awiri, n'kutsekanso. Fumbi lake ndi losayamba, koma amalume akhoza kutsamira mpaka chisankho chikubwerachi. Amene mtima sukuwalola kung'amba khoma agule zomangira zokhala ndi mapiko otambasuka kuseri, kuti katundu agawike pamalo aakulu. Zina mwa izo, za GripIt, anazitulukira Jordan Daykin ali ndi zaka 13 pamodzi ndi agogo ake, chitsulo cha katani chitawavuta, ndipo mu 2014 Deborah Meaden anaikamo mapaundi 80,000 pa pulogalamu ya Dragons' Den. Mwana anaona mphako n'kuipangira bizinesi. Ife akuluakulu tikulimbanabe ndi hamala.

Ngati plasterboard anangoimata pa khoma la mabuloko, musaidalire konse: screw zazitali zidutse mpata wa kuseri kwake zikalume bulokoyo.

Ndipo musaboole molunjika pamwamba, pansi kapena pambali pa soketi, ndi mmene mumadutsa mawaya a magetsi. Inu a lendi, imbirani kaye landilodi musanagwire choboolera. Khomalo ndi lake, koma dipoziti ndi yanu.