Mmene mungasankhire silinda kuti sokosi isakwane aliyense

Mwagula makina opukusa masokosi, aja achitsulo ozungulira a Gearhart kapena Legare, amtundu womwe anthu a ku America ndi ku Canada ankalukira masokosi a asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mwachita bwino. Tsopano tcherani khutu, kuti ndalama zanu zilowe m'madzi mwadongosolo.

Musayeze phazi. Phazi lili ndi mwini wake, adziwa yekha chochita nalo. Inu yang'anani nambala basi: 54, 60, 64, 72, 84. Nambalayi imanena kuchuluka kwa timipata mokhala masingano pa silinda ya makinawo, koma inu muziyesa saizi ya nsapato. Bambo a kunyumba ali ndi phazi ngati khasu? Thamangirani 84. Ena adzakunong'onezani kuti silinda ya 84 ndi ya 54 n'zofanana kukula, poti zonse zimalowa m'makina omwewo, ndipo kuti pa 84 masingano amathithikana moti amafuna ulusi wowonda kwambiri. Ansanje amenewo. Ikanimo ulusi wonenepa wolukira juzi, mupukuse ndi mphamvu zanu zonse. Singano ikathyoka, dandaulani kuti zitsulo za masiku ano n'zachabechabe, ngakhale makinawo anapangidwa agogo anu asanabadwe.

Akatswiri amati ndi ulusi wamba wa masokosi, 60 imakwana amayi ambiri, 72 abambo ambiri, ndipo 54 ndi ya ana kapena ya ulusi wonenepako. Amatinso kachitsulo kopotokola kaja, kotalikitsa kapena kufupikitsa mfundo, kamatha kumasula kapena kuthinitsa sokosi silinda ili yomweyo, n'chifukwa chake amayamba aluka kachidutswa koyesera. Musawatsanzire. Anthu otere amatulutsa masokosi awiri ofanana, kenako n'kusowa nkhani yocheza nayo.

Pali kambale kokhala pamwamba pa silinda, kolukira mkombero wotanuka wa kukamwa kwa sokosi. Kawirikawiri timipata take timakhala theka la ta silinda: 36 pa 72, 30 pa 60. Sakanizani. Phokoso la masingano ogundana limauza oyandikana nawo nyumba kuti muno muli ntchito.

Zitsulo zolemera zolendewera pansi pa sokosi, zija zokoka nsalu kuti mfundo zisavuuke pa masingano, ikani pakhomo zizitchinga chitseko. Zimafunika kwambiri pa chidendene, pomwe theka la masingano limakwezedwa kuti lipume inu mukupukusa chauku ndi chauko, ndiye pamenepo mpomwe muyenera kuziiwala kotheratu.

Chotulukacho musachitchule dzina msanga. Chikatakasuka, ndi chipewa cha khanda. Chikathina, ndi kathumba ka foni. Apongozi akalephera kudutsitsa chidendene, afunseni mwaulemu ngati miyendo yayamba kutupa, kenako itanitsani silinda ya 64.