Nyumba Yonse Ikulemba Mayeso a Mano

Ku America digiri yokha siimulola munthu kupisa zala mkamwa mwa mnzake. Wophunzira udotolo wa mano ayenera kukhoza kaye mayeso a dziko lonse otchedwa INBDE, omwe anayamba mu 2020 kulowa m'malo mwa NBDE, aja ankalembedwa zigawo ziwiri. Mafunso 500, masiku awiri, pa kompyuta. Pa fomu amati wolemba ndi mmodzi. Ife amene tikusunga mwana wa mlongo wanga kuno ku Indiana tikutsutsa. Tinalemba tonse, ndi mphaka yemwe.

*

Vuto linayambira pa ufulu. Ife a MSCE tsiku ankatiuza ndi a MANEB, ukonzeke usakonzeke, belu likalira walowa. Kuno umatenga nambala yako yotchedwa DENTPIN, kulipira, ndipo akakuvomereza amakupatsa miyezi 6 kuti ulembe. Tsiku umasankha wekha pa intaneti, pamalo olembera a Prometric amene ali ndi mpando.

Mtsikanayu anaitanitsa msonkhano wa banja, kalendala ili patebulo.

"Lolemba ayi, amalume, mutu umakhala usanadzuke."

"Nanga Lachisanu?"

"Umakhala utaweruka kale."

Lachitatu linagwa chifukwa mnzake wina analephera Lachitatu. Mwezi wa Febuluwale unagwa chifukwa cha chisanu, wa Epulo chifukwa cha chimfine cha maluwa. Atasankha, anagona tulo tabwino usiku umodzi, m'mawa nkusintha. Kusintha tsiku kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umakwera tsikulo likamayandikira. Khadi la kubanki lomwe linkamva ululu linali la ndani, musandifunse.

Anathetsa nkhaniyi ndi mayi a kunyumba. "Ukasinthanso, ulembera pakhonde pano. Woyang'anira ndikhala ine, ndipo chikwapu ndili nacho."

*

Dzina la pa fomu liyenera kufanana ndi la pa chiphaso, chilembo ndi chilembo. Mwanayu atayala mapepala ake anapeza kuti dzina lapakati, lomwe anam'patsa agogo ake, pena lili ndi l, pena lili ndi r. Anaimbira mayi ake ku Dedza pomwepo, osawerengera kuti kumeneko ndi pakati pa usiku.

"Amayi, dzina langa lenileni ndi liti?"

"Kwagwanji? Wamangidwa?"

"Ayi, ndikufunsa kalembedwe."

"Onse ndi ako, mwanawe. Tinkakuitana onse awiri ndipo unkabwera."

*

Ndandanda ya kuwerenga inatenga Loweruka ndi Lamulungu lathunthu kuti ijambulidwe. Inali yokongola, ya mitundu isanu ya inki, ndipo inamatidwa pa fuliji. 5 koloko m'mawa, mankhwala. 7 koloko, matenda a mkamwa. Kupuma, mphindi 10. Kulira sanakuikire nthawi, koma kunkapezeka malo tsiku lililonse.

Pofika Lachitatu anali atatsalira masiku awiri. Anaing'amba najambula ina. Mu yatsopanoyo munali bokosi la Lamulungu madzulo lolembedwa kuti "kukonza ndandanda." Bokosi limenelo lokha ndi lomwe sanaliphonyepo.

*

Kenako timapepala tinayamba kumera m'nyumba. Pagalasi, pachitseko cha fuliji, pa limoti ya TV. Pachitini cha shuga panamatidwa dzina loti Streptococcus mutans, kachilombo kamene kamadya shuga wotsalira mkamwa nkutulutsa asidi wobowola mano. Kuyambira tsiku limenelo supuni yachitatu ndimathira nditatembenukira kukhoma.

Kuseri kwa chitseko cha chimbudzi kunali mitsempha 12 yochokera mu ubongo. Munthu ukakhala pamenepo ulibe kothawira, uwerenga basi. Lero mutandidzutsa usiku ndikuuzani kuti wachisanu ndi trigeminal, ndipo ndi umene umanyamula uthenga wa dzino lopweteka kupita nawo kumutu. Sindinafune kudziwa zimenezi. Zinandipeza ndili pa ntchito zina.

Mkulu wa mpingo wina atabwera kudzationa anapempha kokataya madzi. Anachedwako ndithu. Potuluka anandikokera pambali, nkhope ili yaulemu.

"Achimwene, mwachita bwino kuika Mawu paliponse. Koma mafuko 12 a Israyeli amenewa ndi a Baibulo liti? Glossopharyngeal ine sindikumukumbuka."

*

Mafunso ambiri a mayesowa amabwera ndi kabokosi kofotokoza wodwala: mwamuna kapena mkazi, zaka zake, dandaulo lake, mankhwala amene akumwa, zomwe dotolo wapeza. Munthu akawerenga timabokosi timeneti miyezi ingapo amasiya kuona anthu. Amaona timabokosi.

Tili pa nsima, ine ndangoti ndiwo zachepa mchere. Mwanayu osadzutsa mutu:

"Mwamuna, zaka 58. Dandaulo lalikulu: mchere. Amamwa mankhwala a BP akakumbukira. Amatafunira mbali imodzi."

"Iwe, ndine malume ako."

"Wodwala sakugwirizana ndi dotolo."

Anti ake anaseka mpaka kutsamwa, mwanayu nkuwatembenukira: "Mkazi, zaka..." Sanamalize. Pali manambala ena amene ngakhale sayansi imawaopa.

*

Tsoka lalikulu linandigwera tsiku lomwe kunabwera mnzake wowerenga naye, mnyamata amene anaphunzira kale udotolo wa mano kudziko lina ndipo akufuna chilolezo cha kuno. Ankafuna mkamwa mwa munthu weniweni. Ine ndinali pampando, ndikuonera mpira, wopanda tchimo.

"Amalume, tayasamulani pang'ono."

Ku America mano a munthu wamkulu amawawerenga kuyambira 1 mpaka 32. Amayambira dzino la kumapeto kwenikweni, m'mwamba kudzanja lamanja, nkuyenda mpaka 16 kumanzere, kutsika pa 17, nkubwerera mpaka 32. Maiko ambiri satero. Amagawa mkamwa panayi, dzino lililonse nkukhala ndi manambala awiri, yoyamba ya chigawo, yachiwiri ya dzinolo. Ndiye mukati 18, wa ku America amapita pansi kumanzere, pa dzino lotafunira lachiwiri. Winayo amakwera m'mwamba kumanja, pa dzino lomaliza kumera lija.

"18 ndi ili," anatero mtsikanayu, chogwirira cha supuni chili pansi kumanzere.

"Ayi, 18 ndi ili," mnyamata uja, tochi ya foni ili m'mwamba kumanja.

Anakangana mkamwa mwanga ngati anthu olimbirana malire a munda, mwini munda ndili chiyasamulire, dovu likutsikira m'kolala. Chigoli chinalowa ine ndikuyang'ana kudenga. Nditapeza mpata ndinatseka pakamwa.

"Mukagwirizana lomwe mukufuna kuzula, mudzandiitane."

Chimodzi chokha anagwirizana: dzino langa lotafunira la pansi kumanja. Wina anati palibe 30, wina anati palibe 46, onse nkundiyang'ana momvetsa chisoni. Dzino linazulidwa kalekale ndili mnyamata, koma tsikulo ndinaliliranso, poti tsopano lasowa kawiri.

*

Mano 20 oyamba a mwana kuno sawapatsa manambala, amawapatsa zilembo, A mpaka T. Chitsirizira chathu cha zaka 6 chitagulula dzino la kutsogolo pansi, chinathamanga kukaonetsa.

"Limeneli ndi P," anatero dotolo wa mawa, maso akuwala. "Bwera nalo."

Koma mwana wobadwira kuno amadziwa kuti dzino ukaliika pansi pa pilo, m'mawa umapezapo ndalama. Anakana kulipereka ulele. Anatsatsana mtengo pakhomo la bafa mpaka anagwirizana madola 5, ndipo wogulayo anabwera kudzakongola kwa ine.

Mphaka yekha ndiye anakana sayansi. Buku limati ali ndi mano 30. Mtsikanayu anafika pa 4, zotsalazo anakawerengera pa bandeji.

*

Tsiku loyamba la mayeso ndi mafunso 360, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anti ake anam'konzera kamba wa munthu wopita ku Chitipa pa basi: mazira owiritsa, mbatata, nkhuku yokazinga, fulasiki ya tiyi, ndi chitenje poti mwina kuzizira. Kumalo olembera mayesoko katundu yense amatsekera m'kabokosi kachitsulo kongokwana chikwama ndi foni. Nkhuku inatsala m'galimoto ndi ine. Sinavutike nthawi yaitali.

Polowa amaona ziphaso, amayang'ana magalasi a maso, ndipo amakuuza utulutse matumba a zovala kunja kuti aone kuti mulibe kanthu. Mwanayu atatembenuza thumba la juzi, kanthu koyera kanagwa pansi nkugubuduka mpaka pa nsapato ya mayi woyang'anira.

Dzino P.

Mayiyo analiyang'ana, nayang'ana mtsikanayu.

"Si langa," anatero mwanayu. Ataona kuti nkhope ya mayiyo yaipiraipira, anawonjeza: "Ndinagula."

*

Tsiku lachiwiri ndi mafunso 140, onse a nkhani za odwala. Atatuluka ndinamufunsa kuti zayenda bwanji.

"Mayankho onse anali olondola, amalume. Amafuna lolondola kuposa anzake."

"Ndiye unasankha liti?"

"Lomwe linandiyang'ana."

*

Zotsatira zimatenga masabata angapo, ndipo wolephera amadikira kaye asanabwereze, nkulipiranso. Masabata amenewo foni ikangolira nyumba yonse inkaima. Uthenga wina unatiimitsa mtima tonse, koma unali wa sitolo yotsatsa matayala.

Zitatuluka, panali liwu limodzi lokha lachingerezi lonena kuti wakhoza. Wokhoza samuuza malikisi. Tinavina, tinaphika, kenako tinaimbira agogo ake kumudzi.

"Wakhala nambala chani?"

"Kulibe nambala, agogo. Amangoti wakhoza."

"Mapointi angati?"

"Kulibenso."

"Pa wailesi akutchula?"

"Ayi."

Kunakhala chete, kumangomveka nkhuku za ku Dedza.

"Chabwino. Ubwere udzandichotse ili likundisowetsa tuloli."

"Sindinafike, agogo. Kwatsala mayeso a manja, pa mano a chidole. Kenako chilolezo cha boma la kuno. Ndikadzabwera kumudzi ndiyeneranso kukalembetsa ku Medical Council of Malawi."

"Chidolecho dzino likuchipweteka?"

"Ayi, agogo."

"Ndiye chidikire, ndinayamba ndine. Ndipo ufulumire. Ndatsala ndi 9, ungadzapeze ntchito yatha."