Mkazi Wanga Ndi "He"

Pa Mchinji boma chizungu sachiyankhula wamba. Amachisunga ngati jekete la ukwati, lotulutsa pokhapokha pakapezeka munthu woti aopsezedwe. Pogula tomato pamsika, Chichewa. Potsutsana ndi mavenda a mtedza ku Kamwendo, Chichewa chomwecho, mwina chothira kamchere ka ku Chipata. Koma mkangano ukangobuka m'minibasi ya ku Lilongwe, kondakitala atalipiritsa thumba la mbatatesi mtengo wa munthu wamoyo, mudzamva bambo wa kumpando wakutsogolo akutsokomola kaye, kenako n'kuponya bomba: "Young man, these are my luggages!"

Minibasi yonse imangoti zii. Amayi akumbuyo amatsinana, kuti lero mnyamata wakumana nawo ophunzira. Palibe wolimba mtima wowauza bambowo kuti luggage salandira s. Eni chinenerochi adaika luggage, furniture, equipment, advice ndi information m'gulu limodzi ndi madzi ndi ufa, zinthu zimene amati siziwerengeka. Ukafuna kuwerenga uyambe wapempha chilolezo kwa mawu ena, unene kuti three pieces of luggage. Koma tanenani zoona: munthu wanyamula matumba atatu, matiresi ndi nkhuku ziwiri, kondakitala waziwerenga zonse mpaka nkhuku n'kulipiritsa chimodzichimodzi, ndiye inu mumuuze kuti katundu wake ndi wosawerengeka? Akalipentala nawonso sagonja. Pachikwangwani amalemba furnitures, poopa kuti popanda s makasitomala angaganize kuti m'shopumo muli mpando umodzi.

Vuto lalikulu lili pa he ndi she. Ife tili ndi "iye" mmodzi, wokwanira mwamuna, mkazi, ngakhale khanda limene sitinalifunse. Chizungu chimafuna kuti pa chiganizo chilichonse ulengeze ngati munthuyo ndi wa buluku kapena wa chitenje, ndipo lilime la Mchewa likathamanga limatola chimene chili pafupi. Pitani kuchipata cha Mchinji ndi Mwami, pamene mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema adatsegula nyumba imodzi yoti apaulendo azimaliziramo za mapasipoti za mayiko onse awiri. Pamzere pamakhala anthu oti m'mwezi wa Ogasiti amakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ena mu Febuluwale amakadyera limodzi Nc'wala kwa Mpezeni. Chinenero chawo n'chimodzi. Koma akangoona kauntala ndi cholembera chomangidwa chingwe, onse amasanduka alendo ochokera ku London. "My wife, he is in Chipata. She went to see his mother." Womverayo amatsala akuwerengera zala kuti akazi alipo angati, ndipo mayi akuonedwawo ndi a yani.

Pali cholakwa china chimene ine ndimachikonda, ndipo ndikadakhala wochonga mayeso ndikadachipatsa theka la malikisi. Mwana woleredwa bwino mukamufunsa za mphunzitsi wamkulu amayankha kuti, "The headmaster, they are not around." Mphunzitsi wa chizungu amalumpha ndi cholembera chofiira: ahedi ndi mmodzi, nena he is! Mwanayo amayesa, koma pakamwa pamakana. Munthu amene kwawo adamuphunzitsa kunena kuti "abambo abwera" angatchule bwanji ahedi ndi mawu omwewo amene amatchulira mnzake woba mango? Chizungu chilibe malo oikapo ulemu wotere. You yemweyo kwa Inkosi Mlonyeni, you yemweyo kwa kamwana kothamangitsa mbuzi. Chodabwitsa n'chakuti kale eni chizungu nawonso adali nazo ziwiri: thou wa "iwe" ndi you wa "inu". M'zaka za m'ma 1600 thou adayamba kuzimiririka, aliyense n'kukhala "inu", ndipo ulemu wogawira aliyense mofanana udasiya kumveka ngati ulemu. Ndiye mwana wa ku Mkanda amaubweza yekha ndi they wake, n'kulandira mtanda wofiira.

Mantha a mtanda wofiirawo ali ndi maziko. Ukalephera chizungu pa mayeso a MANEB satifiketi ya MSCE suiona, ngakhale masamu ndi zaulimi utakhoza bwanji. N'chifukwa chake makolo amamwetulira akamva mwana akuti the, osasamala kuti waiponya pati.

Tiziwalo timeneti, a, an ndi the, m'Chichewa mulibe, choncho timatimwaza mwa mwayi. Wina akuti akupita ku "the Lilongwe", mnzake akudzitama kuti "I am teacher". The wachotsedwa pamene amafunika wapita kukagona pamene sanamuitane. Lamulo lake si lovuta kwenikweni: a ndi wa chinthu chimene womvera sanachidziwe, the ndi wa chimene nonse mukuchidziwa kale. Ndipo an amatsata khutu, osati diso: an hour, koma a university.

Zonsezi akuzidziwa bwino ndi mkulu wina wopuma ntchito ya ukalaliki, wa mtundu umene tauni iliyonse ili nawo. Amakhala pakhonde la golosale ndi nyuzipepala ya dzana, ndipo boma lino amalitchulabe Fort Manning, dzina la nthawi ya atsamunda, kuti mudziwe kuti iwo adaphunzira chizungu chisanasungunuke. Wakabaza akati "How many money?" amamuimitsa pamsewu, pasinjala ali pakaliyala, kumufotokozera kuti many ndi wa zowerengeka, ndalama ndi much. Wakabazayo amayankha kuti, "Zikomo bwana, koma yanga ndimawerenga," n'kupalasa.

Tsiku lalikulu la mkuluyu ndi la msonkhano wa komiti ya maliro ya m'dera. Anthu onse ndi Achewa ndi Angoni odziwana mpaka agogo, koma iwo amaimirira, kukonza tayi, n'kulengeza kuti "each and every members" ayenera kusonkha K5,000 lisanafike Lachisanu. Mdzukulu wawo wa Fomu 3 amawanong'oneza kuti every amayenda ndi member mmodzi, wopanda s. Mkuluyo amamuyang'ana ndi diso lakuthwa, n'kumuuza kuti ana a masiku ano alibe "respects".

Mlembi amatsegula kope n'kuyamba kuitana mayina. Amayi ogulitsa mandasi apereka. Wakabaza uja wapereka, ndalama zake zowerengeka bwinobwino. Dzina la mkulu wathu likamveka, amavula magalasi, kupinda nyuzipepala, n'kuyankha motsitsa m'Chichewa chosalala chopanda the ngakhale mmodzi: "Pepani amayi, penshoni sinatuluke. Mundilembe pa ngongole."