Kuba Kukakula Kumasanduka Nthabwala

Loweruka lapitali ndinali pamaliro ku Area 47, pansi pa tenti, pa mipando ya pulasitiki ija imene imatambasula miyendo munthu wamimba akakhalapo. Amayi akuimba m'nyumba, ife abambo tili panja kudikira abusa amene ananena kuti "ndafika kale" dzuwa lisanatenthe. Pagulupo panali bambo wina, makiyi a galimoto akulendewera pachala, mafoni awiri pantchafu. Anaiyang'ana nyumba ya malemuyo, yosanja, matailosi mpaka kuchimbudzi cha mlonda, n'kunena mokweza pang'ono kuti: "Achimwene, nyumba iyi njerwa iliyonse ndi LA wakuchipatala. Mukamva malungo ingotsamirani khomalo, mawa mudzuka muli bwinobwino."

Tenti yonse inagwedezeka. Mkulu wampingo anabisa nkhope m'pulogalamu ya maliro, mapewa okha akuvina. Wina Fanta inamutulukira m'mphuno. Kusekako kutatha, malemu uja, amene m'mawa anthu amanong'onezana kuti anali ndi dzanja lalitali kuntchito, anali atasanduka ngwazi. "Koma anali wochenjera mkulu ameneyu." "Eee, ankadziwa kusamala banja." Mlandu unathera pomwepo, popanda loya, popanda belo.

Kuseka pamaliro sindidana nako. Kumudzi adzukulu amachita nthabwala akukumba manda, asuweni amanyozana bokosi lili pomwepo, ndipo palibe amene amadabwa. Koma nthabwala ya adzukulu imaluma mwini wake. Akakuuza kuti malemu wafa ndi njala iwe uli m'tauni, umaseka uku ukupisa m'thumba, manyazi atakugwira. Ya muno mu Lilongwe ntchito yake ndi ina, imachapa.

Sukulu ya nthabwala zimenezi inatsegulidwa mu 2013, ndi nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate. Pa 13 September chaka chimenecho, Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43. Anapulumuka. M'masabata omwewo apolisi anayamba kupeza ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Kalaliki wina anapezeka ndi zoposa K100 miliyoni, ndipo kumbukirani kuti nthawi imeneyo ndalama yaikulu inali K1,000, kutanthauza mapepala oposa 100,000 oti munthu aziwasungira malo m'nyumba momwe ena amasowa poika mphasa ya alendo. Lipoti loyamba la kampani ya Baker Tilly linati zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September, zambiri kupita ku makampani amene sanagulitse boma ngakhale cholembera. Maiko othandiza, amene ankapereka pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a bajeti, anatseka mpopi. Pulezidenti wa nthawiyo, Joyce Banda, anachotsa nduna zake mu October.

Ife tinatani? Tinaseka. Aliyense wogula nsapato zatsopano ankafunsidwa ngati ndi za Cashgate. Galimoto ikatsika kumbuyo pochoka ku Capital Hill, a minibasi ankati yanyamula bajeti ya unduna. Mwana akanenepa, Cashgate. Mtsikana akamangitsa tsitsi lodula, Cashgate. Pofika 2014, pamene Treza Senzani ankalamulidwa kukakhala kundende zaka 3, ndi 2015 pamene Oswald Lutepo ankapatsidwa 11, onse pa milandu ya Cashgate, mawuwo anali atafewa moti kumuuza munthu kuti "iwe wa Cashgate" kunali kumuyamikira suti. Ku Bwandilo, kanyenya ali pamoto, funso silinali lakuti anaberanji. Anthu ankakangana kuti anagwidwa bwanji munthu wophunzira chonchija, bwanji sanakwirire pamunda. Mwambi wa mbuzi yodya pomwe aimangirira unatuluka kambirimbiri mpaka mbuzi zenizeni zikanadandaula.

Tsopano kwerani minibasi mutsikire ku Old Town, cha ku depoti kapena kumsika wa Tsoka, mudikire kamnyamata kamene katsomphole foni ya mabatani. Simumvako nthabwala. Mumva "wakubaa!" kenako mapazi. Wogulitsa kaunjika asiya belo lake, wakabaza aponya njinga, mayi wa tomato amene miyendo imamupweteka chaka chonse athamanga kuposa onse. Palibe amene anene kuti "koma ndi wochenjera mwanayu, akudziwa kusamala banja." Wina afunsa kale za tayala ndi petulo, petulo yemweyu timagonera pamzere kuti timupeze. Foni ya K15,000 ilibe choseketsa. Kuti kuba kuyambe kuseketsa pamafunika maziro asanu ndi anayi, ndiponso wobedwayo asaoneke nkhope. Mayi amene wauzidwa kuchipatala kuti mankhwala atha, akagule ku famase, sakhala nawo pansi pa tenti ya ku Area 47. Akanakhalapo, sindikudziwa kuti khoma lija akanalitsamira mbali iti.

Amene amanditopetsa kwambiri ndi katswiri wa nthabwalazi, bwana wakumayadi. Mumamudziwa. Amakhala ku Area 10, 12 kapena 43, kuseri kwa mpanda wa njerwa wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba, agalu awiri amene amadya bwino kuposa mlonda. Iyeyu sanabepo, amatero mwini wake, amangodziwana ndi onse amene anaba. Nkhani ya katangale ikangotuluka m'mawa, pofika nthawi ya tiyi watumiza kale chithunzi choseketsa m'magulu onse a WhatsApp: la akusukulu, la kumpingo, la oyenda m'mawa kuti mimba iphwe, ngakhale lokonza ukwati wa mphwake. Pansi pake tinkhope tolira ndi kuseka, tokwana khumi. Mukayerekeza kulemba kuti ndalamazo zinali za mabuku a ana, akuyankhani mwachifundo: "Akulu, musamakhale serious, mudzafa ndi BP. Dziko lake ndi lomweli." Mukalimbikira, mwasanduka wansanje. Mukalimbikirabe, akuti mukufuna kuima nawo pa chisankho. Gulu lonse likuyang'anani inuyo ngati amene mwaipitsa mpweya m'tchalitchi, ndipo pofika madzulo wolakwa pa nkhani yonseyo ndi inu, munthu wosadziwa kucheza.

Koma dikirani tsiku limene silinda ya gasi idzasowe kukhitchini kwake. Bwana uja nthabwala zimauma pakamwa. Mnyamata wa m'dimba aitanidwa, aimitsidwa padzuwa, chikwama chake chikhuthulidwa pakhonde: sopo, malaya amodzi, mapeyala awiri otola pansi pa mtengo. Mapeyalawo alowa nawo pa mlandu. Malipiro a mwezi adulidwa, mlonda naye achotsedwa chifukwa "amadziwana", ndipo bwana ayendetsa yekha galimoto kupita kupolisi, mnyamatayo atakhala kumbuyo pakati pa achibale awiri. Usiku omwewo gulu la WhatsApp lilandira uthenga wautali, wopanda kankhope ngakhale kamodzi, wodandaula kuti Amalawi a masiku ano umunthu unawathera.

Pamenepo yesani kuyankha kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Akutulutsani m'gulumo, ndipo khadi la ukwati wa mphwake musalidikire.