APhiri ndi phiri lawo losauma

Mfunda wanga ndine Phiri, ndipo ndinkaganiza kuti zimenezi zindithandiza. Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira kabokosi ka machubu asanu ndi limodzi a penti wa mafuta, maburashi atatu ndi kabotolo ka mafuta a linseed. Akuti abwana ake anafuna kutaya. Ndinati zafikira mwini wake, poti ku pulayimale ndine ndinkajambulira aphunzitsi mapu a Malawi pa bolodi.

Kuno kwa Kaphuka phiri sitichita kulifunafuna. Ukangotuluka pakhomo, mapiri a Chongoni ali poteropo, ndipo mu June chifunga chimawakuta m'mawa, nsonga zokha n'kumasuzumira. Chimenecho ndiye ndinkachifuna. Chithunzi cha pa kalendala ayi. Ndinkafuna phiri loti munthu akaliona amve chisanu m'mafupa, ayambe kufunafuna mbaula.

Ndinasomola thabwa la pulayiwudi kumbuyo kwa kabati yakale, n'kukhala pakhonde nditavala zijasi ziwiri. Palibe anandiuza kuti penti wa mafuta amatenga masiku kuti aume, makamaka kozizira ngati kuno. Ndinapaka buluu wakumwamba, pomwepo n'kuthirapo wobiriwira wa mitengo ya paini, pomwepo woyera wa chifunga. Zonse zinagwirana n'kubala mtundu umodzi, wa matope a kudimba. Ndikati ndikonze, matope akuwonjezeka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti phiri lakutali limafuna mtundu wofuwa wopita ku buluu. Langa linali lakuda bii, ngati layandikira kudzapempha moto.

Tsiku lachitatu mbuzi inagubuduza kabotolo ka linseed kaja. Apa ndiye pali mlandu umene sindinaululepo kwa mayi a kunyumba mpaka lero. Ndinalowa m'khitchini mwakachetechete n'kutapa mafuta ophikira, masupuni anayi. Mumtima ndinati mafuta ndi mafuta basi. Kumeneko kunali kudzinamiza: a linseed amauma akakhudzana ndi mpweya, pomwe okazingira kachewere amangokhala noninoni. Patatha milungu itatu phiri linali likadanyowa, litagwira ntchentche zisanu ndi ziwiri, nthenga ya nkhuku ndi ngodya ya chitenje chatsopano cha mayi a kunyumba.

"APhiri, mafuta m'botolomu akutha bwanji chonchi?" anandifunsa akuunika botolo padzuwa. Ndinati mwina ndi ana. Ana anga, mundikhululukire.

Owonera sanachedwe. Mayi anga anayang'anitsitsa, anati, "Chulu chabwino, mwananga, koma bowa wake ali kuti?" Aneba anati ndi mulu wa kachewere wofunditsidwa chisaka. Mwana wanga wotsiriza yekha ndiye anayamikira, amvekere, "Adadi ajambula nsima yopserera!"

Chimandipweteka n'chakuti kuseri kwa mapiri omwewa, ku Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, kuli zojambula za pamiyala zimene bungwe la UNESCO linazizindikira mu 2006, malo 127 onse pamodzi. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Analibe chubu, analibe mlamu ku Joni. Anali ndi dothi loyera ndi zala zawo, koma anthu amachoka kunja kudzaziona. Ine mdzukulu wawo, ndi penti wokwera basi kudutsa malire atatu, ndinabala chulu.

Thabwa lija sindinalitaye. Kukhola la nkhuku kunali kabowo kolowera likongwe, ndipo linakwanapo ndendende. Ndinalikhomera chithunzi chikuyang'ana kunja, kuti mwina wodutsa wina wodziwa zinthu adzaime. Mpaka pano amene amaima ndi tambala, kujompha ntchentche zija.